Bambo Asamutsidwira Kobiriwira

Loweruka lina dzuwa likuswa mtengo, Mzime ali kalikiliki kudula nsalu ya mayunifolomu, galimoto yoyera inaima pakhomo pa shopu yake, matiresi atamangiriridwa padenga. Anayamba kutuluka achimwene ake, atavala jekete ndi tayi ngati akupita kukhoti. Kenako chitseko chakumbuyo chinatseguka pang'onopang'ono, n'kutuluka bambo ake, atanyamula kachitini kolavuliramo.

Panali patatha miyezi iwiri chiwapezereni bambowo ndi khansa ya kummero. Inayamba ngati zocheza. Nyama inkawakakamira pakhosi, iwo n'kumadandaula kuti ng'ombe za masiku ano amazipha zitakalamba. Kenako buledi naye anakana kutsika. Pamene mpunga unayamba kubwerera m'pamene anavomera kupita kuchipatala. Ankakhala ndi achimwenewo kutali, ulendo wa maola asanu ndi limodzi, m'nyumba imene bambowo anamanga okha nthawi imene anali kalipentala. Kunena zoona achimwenewo ndiwo ankakhala kwa bambo, koma akamalankhula ndi anthu ankati, "Ndikusunga mdala."

Achimwenewo anali kalaliki ku ofesi ya zamadzi, ndipo aliyense ankawatchula kuti a Peresenti. Sankatha kunena kuti kunja kuli mitambo. Ankati mwayi wa mvula ndi makumi asanu ndi limodzi pa zana. Atafunsira mkazi wawo, anthu amati anayamba ndi kumufotokozera kuchuluka kwa maukwati amene amatha chaka chisanathe.

Moni wawo unali wachidule. Anakankhira nsalu pambali, natulutsa pepala lopindapinda m'thumba la jekete, n'kuliyala patebulo lodulirapo. Anali mapu a dziko, zigawo zake zitapakidwa mitundu. Anati analipeza m'lipoti la akatswiri. Chigawo chimene ankakhala iwo ndi bambo chinali chofiira psu. Chimene anakwatiwako Mzime chinali chobiriwira. Pambali pake panali mizere iwiri, wina wokwera, wina wotsika.

"Taona, Mzime. Kwathu akufa ndi matendawa akuchuluka chaka ndi chaka. Kuno akuchepa. Ndiye munthu wanzeru angawasiye bambo pofiira, pobiriwira palipo?"

Mzime anafunsa ngati adokotala ndiwo ananena zimenezo. Achimwenewo anati adokotala amaona munthu mmodzimmodzi, koma iwo akuona chithunzi chonse. Anafunsanso chifukwa chake sanaimbe kaye foni. Anati nkhani ya moyo siyembekeza netiweki.

Bambo anali atakhala pampando wa makasitomala, akuyang'ana diresi laukwati losamaliza. Mzime anagwada pambali pawo n'kufunsa m'mene ayendera.

"Tayenda bwino," anatero ndi mawu osasa. "Titadutsa chikwangwani cha malire, mchimwene wakoyu anaimitsa galimoto, n'kundifunsa ngati ndayamba kumvako kusintha."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati ndiyambe ndatuluka ndikataye madzi. Ndinatayira mbali yobiriwirayo."

Achimwenewo sanagone. Anatsitsa matiresi, sutikesi ndi jumbo la mapepala a kuchipatala, namwa botolo la zoziziritsa kukhosi ali chiimire, n'kunena kuti Lolemba kuli msonkhano wofunika. Mapu aja anawasiya, ati azimukumbutsa Mzime mwayi umene ali nawo.

Nyumba ya Mzime inali kuseri kwa shopu, zipinda ziwiri ndi pabalaza. Ana ake aakazi awiri anasamukira pabalaza, bambo n'kulowa m'chipinda chawo, momwe munali zithunzi za oimba pakhoma ndi fungo la mafuta a tsitsi. Mwamuna wake, dalaivala wa lole yonyamula simenti, atafika madzulo n'kumva nkhani yonse, anayang'ana mapu aja nthawi yaitali. Kenako anati sankadziwa kuti zaka zonsezi akugona m'chipatala, akanadziwa bwenzi akulipiritsa anthu pageti. Atatero anapita kukapereka moni kwa apongozi ake, n'kuwakonzera bedi kuti kumutu kukwere.

Ntchito yeniyeni inayamba m'mawa mwake. Mzime anaphunzira kuti kapu imodzi ya msuzi ingatenge ola lathunthu. Ankaphika mbatata ndi nyama mpaka kufewa, n'kusinja, n'kusefa kawiri pakansalu koyera, n'kuthira mkaka. Bambo ankalandira supuni, n'kusunga m'kamwa, maso ali kudenga ngati akumvetsera china chake patali. Nthawi zina zinkatsika. Nthawi zina ankatambasula dzanja kufuna kachitini kaja. Tiyi amene moyo wawo wonse ankamwa ali wowira, tsopano ankamwa ali wofunda ngati wa khanda, ndipo ankati ameneyu si tiyi, ndi madzi otsukira makapu.

Mashini osokera ankalira pang'ono, n'kusiya, n'kuliranso. Mayunifolomu anachedwa. Mwini diresi laukwati anabwera katatu, ulendo wachitatu ali ndi azakhali ake. Thalauza la bambo Mzime analibweza m'chiuno kamodzi, patapita masabata atatu n'kulibwezanso, ndipo ulendo wachiwiriwo anasoka atatembenukira kukhoma.

A Peresenti ankaimba foni Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi. Sankafunsa ngati bambo agona bwino. Ankafunsa makilogalamu. Akauzidwa kuti atsika, ankati zimenezo n'zoyembekezeka, mzere sutembenuka tsiku limodzi, thupi liyenera kuzolowera chigawo chatsopano. Pa gulu la foni la abale ankatumiza zithunzi za malipoti, pansi pake n'kulemba kuti banja lachita chiganizo mogwirizana ndi sayansi. Azakhali a kutali ankayankha ndi timanja topemphera, n'kumathokoza Mulungu chifukwa cha mwana wophunzira.

Tsiku lopita kuchipatala chachikulu, Mzime ndi bambo anafika m'mamawa n'kupeza benchi yadzaza kale. Anthu a pamzere umenewo ankadziwana popanda kufunsana: makolala aakulu kuposa makosi, malamba oboola mabowo atsopano, aliyense ndi kachitini kake kapena kansalu. Mzime anakhala pafupi ndi mayi wina amene anabwera ndi mwamuna wake. Atacheza pang'ono, anapeza kuti mayiyo achokera kufupi ndi kwawo kwa bambo. Bambo wa kutsogolo kwawo nayenso chimodzimodzi. Gogo wa kumapeto kwa benchi anatchula msika umene Mzime ankagulako nsapato ali mwana. Onsewo sanabwere chifukwa cha mapu. Anabwera chifukwa makina ounikira kummero a kwawoko anawonongeka chaka chatha, ndipo munthu wowakonza akuti akubwera.

Wolemba makadi anali bambo wonenepa wa magalasi, wokonda kucheza. Atafunsa kumene wodwala amakhala, Mzime anatchula msewu wa shopu yake. Bamboyo anayang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti akhalako nthawi yaitali bwanji. Atamva kuti mwezi umodzi, anafufuta.

"Timalemba kumene munthu wakhala moyo wake, mayi. Akachira, wachirira kuno. Zikavuta, timamuwerengera kwawo."

Anadinda khadi mwamphamvu, n'kuitana wotsatira.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wamaso otopa, cholembera chili m'tsitsi. Atamaliza kuona mapepala, Mzime anachita manyazi pang'ono, koma anatulutsabe mapu aja m'chikwama. Adokotalawo anawayang'ana, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene wawaonapo kambirimbiri. Anafotokoza mofatsa kuti manambalawo si abodza: kuli madera kumene matendawa amagwira anthu ambiri, ndipo akatswiri akufufuzabe zifukwa zake, kaya utsi, kaya fodya ndi mowa, kaya zakumwa zotentha kwambiri, kaya zina zimene sanazidziwe. Kuli madera kumene anthu amafika kuchipatala mochedwa, ndi ena kumene akufa sawerengedwa n'komwe. Koma zonsezo ndi nkhani ya zaka makumi ambiri zimene munthu wakhala pamalo. Chotupa chikamera, sichifunsa kuti basi yaima pati.

"Amene anabweretsa mapuwa ndani?"

"Achimwene anga."

"Ndi a zachipatala?"

"Ndi a zamadzi."

 Adokotala analemba tsiku loti adzaike kachubu kotsegula njira ya chakudya. Kenako anapempha bambo kuti akadikire panja, koma bambo anakana, nati khosi ndi lawo. Choncho anamva okha kuti chotupacho chafalikira, kuti opaleshoni siingathandize, ndipo kachubuko n'kongowathandiza kudya. Anagwedeza mutu ngati m'mene ankachitira kasitomala akawauza muyezo wa chitseko.

Kachubu kanaikidwa patatha masabata atatu. Tsiku lachitatu lake bambo anadya dzira lofewa lonse, ndi theka la nthochi. Ana anaombera m'manja. Mzime anakalirira kubafa, kenako analakwitsa n'kulemba nkhaniyo pa gulu la abale.

Loweruka lotsatira galimoto yoyera ija inafikanso. A Peresenti anabwera ndi akazi awo, alamu ake a Mzime, mayi wa zibangili zambiri amene ankayamba chiganizo chilichonse ndi mawu oti "ife kwathu". Anabweretsa nyama yowotcha yokulunga m'nyuzipepala, ati yokondwerera. Atakumbutsidwa kuti bambo sangadye nyama yotero, anadandaula kwambiri, n'kuidya okha pabalaza pomwepo, bambo akuonerera. Pakati pa kutafuna, achimwenewo anafotokozera mwamuna wa Mzime kuti zimene zachitikazi ndi umboni: miyezi iwiri yokha pobiriwira, munthu wayamba kudya. Dalaivalayo anati mwina kachubu kanathandizako pang'ono. A Peresenti anati kachubu n'kachinthu kakang'ono m'kati mwa chithunzi chachikulu.

Mzime anawauza zimene ananena adokotala ndi wolemba makadi. Achimwene ake anaseka mwachifundo, nati ndi chifukwa chake anthu osazolowera manambala sayenera kuwamasulira okha.

Bambo anafunsa ngati m'chipinda mwawo mukutsegulidwa mawindo, ndiponso ngati zipangizo zawo zikupakidwa mafuta kuti zisachite dzimbiri. Alamu anayamba kufunafuna chinthu m'chikwama. A Peresenti anati zonse zili m'malo mwake, bambo asadere nkhawa, nkhawa imachepetsa chitetezo cha m'thupi ndi gawo lalikulu ndithu.

Mwezi wa mazira ndi nthochi unatha. Bambo anayambanso kubweza supuni, ndipo kuchoka pabedi kufika pakhomo unasanduka ulendo wopumira panjira. Tsiku lina masana, Mzime akuwapukuta kumaso, anamugwira dzanja.

"Mzime, wandisunga bwino. Koma denga ili sindikulidziwa. Ndikagona ndimawerenga malata a eni ake. Ndiperekeze kwathu."

"Kofiira kuja, bambo?"

"Komweko. Ndinakufiiritsa ndine."

Mzime anaimbira achimwene ake madzulo omwewo. Iwo anati zimenezo n'zosatheka, kubweza wodwala pamene mzere ukukwera n'chimodzimodzi kumupha. Anati bambo akulankhula chifukwa cha mankhwala. Anati kulinso tizinthu tina tofunika kukonza kunyumbako, mwina pakatha miyezi iwiri. Mzime anamvetsera mpaka anamaliza, n'kunena kuti wamva.

Lachisanu lake mwamuna wake anabwereka galimoto ya mnzake, anayala matiresi kumbuyo, n'kunyamuka m'bandakucha. Bambo anagona njira yonse. Pa chikwangwani cha malire dalaivala anachepetsa liwiro, nayang'ana mkazi wake, koma Mzime anamuuza ndi maso kuti asayerekeze.

Anafika dzuwa lili pamutu. Geti linali lotsegula, alamu ali pakhonde akupaka zikhadabo. Ataona amene akutsika, anaimirira msangamsanga mpaka kabotolo kanagubuduka. Anayamba kulonjera mokweza, akubwerera chambuyo kuti atseke njira ya m'khonde. Koma phokoso linali litamveka kale, ndipo fungo linali litafika pageti.

Mzime anatsegula chitseko cha chipinda cha bambo. Bedi munalibe. Pansi panali utuchi, pakati mbaula, ndipo kuzungulira mbaulayo anapiye mazana awiri achikasu ankalira onse pamodzi. Bokosi la zipangizo linali pakona, pamwamba pake atakhazikapo thumba la chakudya cha nkhuku. Chithunzi cha malemu mayi chinali chikadali pakhoma, chikuyang'anira ziwetozo.

Alamu anati n'zongoyembekezera. Anati chipinda chikakhala chopanda munthu chimachita chinyezi. Anati anapiyewo angofika sabata yatha.

Bambo anafika pakhomopo atatsamira mkamwini wawo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha mpando. Sanafune kuukhazika m'nyumba. Anati auike pakhonde, poyang'ana msewu. Anakhala pamenepo ndi kachitini kawo pamiyendo, ndipo aliyense wodutsa ankaima. Munthu amene anakhoma zitseko za theka la nyumba za mumsewuwo sangakhale pakhonde osaonedwa. Anabwera wogulitsa pagolosale, anabwera mayi woyandikana nawo, anabwera ndi abusa amene ankangodutsa pa njinga. Aliyense ankafunsa chifukwa chimene akhalira panja, ndipo bambo ankayankha mwaulemu kuti akudikira alendo atuluke m'chipinda.

A Peresenti anafika thukuta lili kamukamu, ataitanidwa pa foni ndi mkazi wawo. Anapeza anthu khumi ndi awiri pabwalo. Anakokera mlongo wawo kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kunong'ona za mzere wokwera, za udindo, za anthu ochita zinthu mwaphuma.

"Achimwene, anapiye aja munawaitanitsa liti?"

Anati tsiku lenileni sakulikumbuka.

"Anapiye amaitanitsidwa kukadali mwezi ndi theka. Ndiye kuti dzira lija bambo asanadye, inu munali mutawerenga kale kuti sabwerera. Pamenepo manambala munawamva bwino."

Achimwenewo anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba chibadwire Mzime sanamve peresenti ikutuluka. Anavula jekete, n'kulipachika pa waya woyanikira zovala, napita kukafuna makatoni.

Ntchitoyo inatenga masana onse. A Peresenti ankatuluka ndi katoni yolira, n'kudutsa pakhonde pamaso pa abusa, kupita nayo kukhitchini, n'kubwereranso. Abusa anathandiza kunyamula mbaula. Mayi woyandikana nawo anabweretsa tsache ndi mankhwala ophera fungo, n'kumakolopa akufunsa alamu mokoma mtima ngati bizinesi ikuyenda. Bedi linapezeka kwa mng'ono wawo wa alamu, ndipo linabwera pa ngolo, anthu akulozerana. Dzuwa lisanalowe bambo anagona m'chipinda chawo, mawindo ali otsegula. Anayang'ana kudenga, n'kunena kuti mtanda wachitatu uja anaukhoma mopotoka pang'ono, ndipo palibe anazindikira zaka makumi anayi.

Mzime anakhala masiku anayi. Anaonetsa alamu kasefedwe ka msuzi, koma alamu anati fungo la mkaka limawachititsa nseru. Choncho anaphunzitsa achimwene ake. Anawakhazika pampando pafupi ndi bedi, n'kuwapatsa kapu ndi supuni. Anawauza kuti asathire yodzaza, asafulumire, asalankhule bambo akumeza, ndipo akaona dzanja likutambasuka apereke kachitini osakwinya nkhope. Tsiku loyamba a Peresenti anathira msuzi pa tayi. Tsiku lachiwiri anabwera opanda tayi. Anafunsa ngati pali nambala ya masupuni oyenera patsiku, ndipo bambo anayankha okha kuti nambala yake ndi imene yatsika.

Atabwerera kushopu, Mzime anapeza mwini diresi uja atakasoketsa kwina. Foni tsopano inkalira tsiku lililonse, osati Lamulungu lokha. Achimwene ankafunsa chochita bambo akatsamwidwa, kaya mapilo aikidwe angati, kaya nthochi yakupsa kwambiri ndi yabwino. Ku ofesi anatenga tchuthi. Pa gulu la abale malipoti anasiya kubwera, ndipo azakhali anafunsa ngati foni yawo yawonongeka.

Bambo anakhala masabata asanu. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, atamwa masupuni atatu a tiyi wofunda n'kudandaula kuti ndi wozizira. Achimwene ndiwo anali nawo. Poimba foni anangoti, "Mzime, bwera."

Pa maliro, a Peresenti analankhula m'malo mwa banja. Anati bambo anadwala nthawi yaitali, ndipo banja linayesetsa kuwapezera chithandizo m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lino. Anati pomaliza iwo monga mwana wamkulu anaona kuti n'koyenera kuti bambo abwerere m'nyumba yawo. Mwamuna wa Mzime anatsokomola mpaka anthu anatembenuka. Mayi woyandikana nawo uja anayang'ana abusa, abusa n'kuyang'ana m'buku la nyimbo.  Mzime ankayang'ana malaya a achimwene akewo, amene anali atayamba kuwakulira m'khosi.

Tsiku lobwerera, alamu anaperekeza Mzime ndi mwamuna wake mpaka pagalimoto atanyamula nkhuku ziwiri zoyera, zonenepa, zomanga miyendo. Anati n'zothokozera, ndipo anawonjeza kuti zinakula bwino ngakhale zinasokonezedwa zili zazing'ono. Mzime analandira ndi manja awiri. Panjira mwamuna wake anati iye sangadye nkhuku zimene zinagonapo m'chipinda cha apongozi ake, zimenezo ndi abale. Anazisunga kuseri kwa shopu sabata imodzi, zikuipitsira makasitomala pakhomo. Lamulungu lotsatira ana anapha imodzi, ndipo dalaivala uja anadya chiganga ndi ntchafu yomwe, za ubale zija ataiwala.